Bambo akwathu ndi mpira wa chibonga

Ku Nairobi ntchito inali yanga, amuna anga anangondiperekeza. Ndinapeza malo ku bungwe lina la mayiko ambiri ku Gigiri, ku ofesi yoona za chakudya cha ana m'sukulu. Iwo anali ataphunzitsa masewera olimbitsa thupi pa sekondale ina ku Dedza kwa zaka zambiri, koma anasiya choko ndi wenzulo n'kunyamula masutikesi anga. Ana athu awiri anali atakula, onse ali ku koleji kwathu konko, ndiye tinabwera awiriwiri ngati ongokwatirana kumene.

Nyumba tinakapeza ku Syokimau. Anzanga a ku ofesi anandiseka, ati munthu wogwira ntchito ku Gigiri sakhala kutsidya lina la mzinda. Koma bambo akwathu anali atanenetsa kuti nyumba zosanjikizana sakhalamo, akufuna pakhomo poti akumbe bedi la mpiru. Choncho m'mawa uliwonse ndinkakwera sitima mpaka m'tauni, kenaka takisi mpaka ku ofesi. Chimene wotipezera nyumba sanatiuze n'chakuti bwalo la ndege lili pafupi. Ndege zinkadutsa pamwamba pa denga lathu motsika kwambiri, moti tinazolowera kuimitsa nkhani pakati, kudikira kuti idutse, n'kupitiriza pomwe tinalekezera.

Miyezi yoyamba amuna anga anachita zonse zimene munthu angachite pakhomo. Analima mpiru, analima nkhwani, anasita zovala zanga mpaka mipango. Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tinkapita ku Parklands, kunyumba kwa banja lina la Amalawi kumene anthu akwathu ankakonda kusonkhana. Kumeneko funso loyamba likatha la moni linali limodzi.

"Nanga achimwene, inu muli bungwe liti?" anawafunsa tsiku lina bambo wina wonenepa, wa taye ngakhale pa Sabata, amene ankagwira ntchito yapamwamba ku Gigiri komweko.

"Ine ndili bungwe la mayi awa," anayankha amuna anga akundiloza. "Ndine mkulu woona za ndiwo."

Anthu anaseka, iwonso anaseka. Koma pobwerera pa msewu wa Mombasa Road ine ndinadziwa kuti nthabwala ija yawapweteka eni ake.

Anali ndi chizolowezi chondiperekeza ku siteshoni m'mawa, kenaka n'kubwerera wapansi modzera njira yaitali kuti tsiku lifupike. Lachitatu lina nditaweruka ndinapeza ndiwo zosaphika, mpiru wosathirira, nsapato zawo zili pakhonde zitamatidwa dothi lakuda lija la makande. Iwo anali pabalaza akuzunguza mpini wa khasu m'malere.

"Bambo, mwayamba liti kumenyana ndi mphepo?"

"Mayi, khalani pansi. Ndaona bezibo."

"Mwaona ndani?"

"Si munthu. Ndi mpira."

Anandifotokozera akuyendayenda. Kuseri kwa nyumba zatsopano, kupitirira njanji, kunali koleji ya ntchito zamanja, ndipo pabwalo lake anapeza anyamata khumi ndi angapo akusewera mpira umene iwo anauphunzira kalekale ali ku koleji ya aphunzitsi. Anawaphunzitsa ndi mnyamata wina wa ku Japan amene anabwera kudzathandiza kwa zaka ziwiri. Munthuyo atabwerera kwawo mpirawo unathera pomwepo, ndipo pa zaka zonse za ukwati wathu sindinawamvepo akuutchula. Anyamata a pakolejiwo anali atapeza bokosi la zibonga ndi magolovesi achikopa m'chipinda chosungira katundu, mphatso ya alendo ena imene aliyense anaiiwala, ndipo ankadziphunzitsa okha poonera pa foni.

"Wina wavala golovesi dzanja lolakwika," anatero amuna anga. "Wina wagwira chibonga ngati akufuna kupha njoka. Ndapirira, mayi, ndapirira, kenaka ndangomva pakamwa panga pakukuwa."

Anali atakuwa ali kunja kwa mpanda wa waya. Mtsogoleri wa anyamatawo, mnyamata wamtali wa ku Kisumu wophunzira zamagetsi, amene onse ankangomutcha kaputeni, anabwera kumpandako n'kuwafunsa ngati mkuluyo akuudziwa mpirawo kapena akungosokosa. Amuna anga anazungulira kuchipata, navula jekete, nalandira chibonga. Mpira woyamba anauphonya. Wachiwiri anaumenya mpaka unakagwera padenga la nyumba yowotcherera zitsulo. Pofika masana anyamata onse anali akuwaitana kuti Kocha, mmene amanenera mphunzitsi wa timu m'Chiswahili.

Anayamba mongodzipereka. Patapita miyezi akuluakulu a koleji anaona kuti bwalo lija, limene kale linkangomera udzu, likudzaza madzulo alionse, ndipo anawaitana kuti awalembe ntchito. Mapepala a chilolezo anatenga nthawi yaitali, koma tsiku limene anatuluka amuna anga anagula tilakisuti yatsopano ndi wenzulo wachitsulo. Mpiru uja unauma, ndipo tinayamba kugula ndiwo zamasamba za sukuma pamsika ngati anthu ena onse.

Loweruka loyamba kupita kukaonera ndinasokonezeka mutu. Anandikhazika pa benchi n'kundifotokozera mwachangu: wina amaponya mpira, wina amaumenya ndi chibonga n'kuthamanga kuzungulira makona anayi. Akabwerera pomwe anayambira, chimenecho ndi chigoli. Mpira ukafika pakona iye asanafike, kapena akauphonya katatu, watuluka. Ndinati, "Basi ndi fulaye wa anthu akuluakulu ameneyu." Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Timu yawo inkagonja. Inagonja kwa makoleji ena, inagonja kwa yunivesite ina ya m'tauni, inagonjanso kwa gulu la abambo a mimba zawo ogwira ntchito m'maofesi a akazembe. Amuna anga ankabwera kunyumba mawu atasasa, ine n'kumawapangira tiyi wa mandimu ndi uchi. Ankakuwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ankayamba m'Chingerezi, zikavuta ankalowa Chiswahili chawo chothyokathyoka, zikafika poipa ankagwera m'Chichewa. Anyamata aja mawu oyamba a Chichewa amene anaphunzira anali akuti "Thamanga iwe!" ndipo anawakonda kwambiri moti anawasandutsa mfuu ya timu. Asanalowe m'bwalo ankakumbatirana mozungulira, Aluo, Akamba, Akikuyu, n'kukuwa pamodzi kuti, "Thamanga iwe!"

Vuto lalikulu linali ndege. Bwalo la koleji linali pansi penipeni pa njira yake. Tsiku lina anali pafupi kupambana koyamba. Mnyamata wina anamenya mpira bwino, anzake awiri ali kale pamakona. Amuna anga anakuwa kuti wakutsogoloyo aime, koma nthawi yomweyo chindege chinadutsa. Ine ndinangoona pakamwa pawo pali yasa, mitsempha ya pakhosi itatuluka, mawu osamveka. Wakutsogolo anathamanga, anazindikira mochedwa, nabwerera, n'kukakumana ndi mnzake pakona imodzi. Anaima pamenepo awiri akuyang'anana ngati anthu olimbirana mpando m'matatu, maminibasi a kuno. Onse oonera anagwa nako kuseka, inenso ndinaseka mpaka misozi, ndipo madzulo amenewo tiyi anadzipangira okha.

Mpira umenewu uli ndi zizindikiro zake za manja, ndipo amuna anga ankazidziwa. Anayesa kuwaphunzitsa anyamata kuti akagwira chipewa ndiye kuti thamanga, akagwira mphuno ndiye kuti ima. Koma anyamatawo sankawayang'ana, poti anazolowera kudikira mfuu. Tsiku lokhalo limene wina anayang'ana, amuna anga anali atavula chipewa kuti apukute thukuta padazi, ndipo mnyamatayo analiyatsa liwiro nthawi yolakwika.

Chaka chachiwiri chili pakati, pa kusonkhana kwathu kwa ku Parklands panabwera asisitere ena a ku Mchinji, aafupi, oseka ndi maso. Ankaphunzitsa kusoka pa sukulu ya ana osamva kupitirira Mlolongo. Atamva kuti pali mphunzitsi wa masewera anasuntha mpando wawo n'kudzakhala pafupi nafe.

"Aphunzitsi, ana anga aamuna amathamangitsa mpira wamiyendo tsiku lonse," anatero. "Koma atsikana amangokhala pansi pa mtengo n'kumalukana tsitsi. Bwerani ndi zibonga zanuzo."

"Asisitere, ine ntchito yanga ndi kukuwa," anayankha amuna anga. "Kumeneko ndikakuwira ndani?"

"Mwina pakhosi panupo pakufuna tchuthi."

Anayesa kuzemba. Anati alibe galimoto, asisitere anayang'ana ine. Anati chinenero chamanja sachidziwa, asisitere anati iwonso anafika osachidziwa. Loweruka lotsatira ndinapezeka ndikuyendetsa galimoto yodzaza zibonga, kumbuyo kutapanikizana kaputeni ndi anzake atatu, pamiyendo pawo pali beseni la mandasi amene ndinakazinga m'mamawa.

Sukuluyo inali ndi nyumba zinayi zansanjika imodzi ndi bwalo lafumbi. Ana anatuluka ambiri, ena aang'ono, ena oti atsala pang'ono kumaliza. Amuna anga anaima pakati pa bwalo, nakweza chifuwa, naimba wenzulo mwamphamvu. Palibe anatembenuka, kupatula galu wa mlonda. Anaimbanso. Kenaka anauyang'ana wenzulo uja m'manja mwawo, nauika m'thumba mwakachetechete. Sindinawaonepo atasowa chochita chotero. Asisitere anangokweza dzanja n'kuligwedeza, mwana mmodzi anaona nagwira mnzake paphewa, mnzakeyo nagwira wina, ndipo posakhalitsa maso onse anali pa amuna anga.

Popeza kuyankhula kunalibe ntchito, anayamba kuchita. Anaponya mpira kwa kaputeni, kaputeni anauwakha ndi golovesi. Anamenya, nathamanga kuzungulira makona amene tinaika ndi matumba a simenti opanda kanthu, nadzigwetsa pafumbi pomaliza. Ana anaseka kwambiri. Anthu ambiri amaganiza kuti pa sukulu ya osamva pamakhala zii, koma kuseka kwa ana amenewo kumamveka mpaka kumsewu.

Kenaka anayamba kupereka mpira kwa mmodzimmodzi kuti aponye. Ambiri ankaponya mofooka. Pamapeto panatsala mtsikana wina wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamfupi, wa mapewa otambalala, amene anakhala patali atapinda manja. Asisitere anamukodola. Anabwera monyinyirika, anautembenuza mpira uja m'manja, nayang'ana kaputeni amene anagwada patali atatambasula golovesi akumwetulira. Sindinauone mpirawo ukuyenda. Ndinangomva phaa! Kaputeni anadzuka, navula golovesi, nayamba kuuzira chikhatho chake akudumphadumpha.

"Mufunseni anaphunzira kuti," anatero amuna anga.

Asisitere anafunsa ndi manja, mtsikanayo nayankha mofulumira, nkhope ili gwa.

"Akuti kwawo ku Machakos ntchito yake inali yothamangitsa anyani m'munda wa chimanga," anamasulira asisitere. "Akuti nyani ndi wovuta kumugenda chifukwa amazinda. Uyu wangokhala malo amodzi."

Kuyambira tsiku limenelo Loweruka lililonse m'mawa linali la ku Mlolongo. Anyamata a pakoleji poyamba ankabwera chifukwa Kocha wanena, ndiponso chifukwa cha mandasi, koma posakhalitsa galimoto inachepa ndipo ena ankadzikwerera matatu. Ana aja anatipatsa mayina a manja, poti kumeneko munthu aliyense amakhala ndi chizindikiro chake. La amuna anga linali kuika dzanja pakamwa n'kulitsegula ngati kukamwa kwa ng'ona. Langa linali manja awiri onyamula beseni. Ndinadandaula kwa asisitere kuti ine ndili ndi madigiri awiri ndipo ku Gigiri anthu amaimirira ndikalowa, koma anati dzina likaperekedwa silibwezedwa.

Chimene chinawadabwitsa amuna anga ndi maso a ana amenewo. Mwana akamenya mpira ankathamanga diso lili kwa mphunzitsi. Akafika pakona ankayang'ana anzake onse, kuona amene ali kuti. Kanthu kakang'ono, kugwedeza chala kapena kukweza nsidze, ankakaona ali kutsidya la bwalo. Pobwerera m'galimoto amuna anga ankangoti, "Mwaona, mayi? Mwaona mmene anatembenukira uja?" Anagula kabuku ka chinenero chamanja cha ku Kenya ndipo ankayeserera pagalasi la kubafa. Nthawi zina ndinkawapeza akukangana ndi galasilo.

Patatha miyezi isanu ndi umodzi asisitere anapempha kuti ana awo asewere ndi timu ya koleji. Anyamata anavomera akuseka, ndipo kaputeni analonjeza kuti asewera mwaulemu kuti ana asalire. Ana aja anabwera pa bwalo la koleji pa basi yobwereka, atavala mayunifolomu obiriwira amene anasoka okha m'kalasi ya asisitere. Woponya mpira anali mtsikana wa anyani uja.

Kaputeni analowa ndi chibonga akuvina pang'ono. Anaphonya katatu, natuluka. Ulendo wachiwiri analowa osavina, anaphonyanso katatu. Ulendo wachitatu anaitana anzake pambali n'kuwanong'oneza zochita, osadziwa kuti ana angapo a m'timu ija amawerenga milomo. Pamene ankabwerera, ana onse anali atasuntha kale kukaima pomwe mpira unkayenera kugwera. Ndege zinadutsa zinayi masana amenewo. Anyamata a koleji ankaima n'kumayang'ana uku ndi uku, pamene anawo ankangopitiriza, manja akuyankhulana kuchokera kona ina kufika ina. Koleji inapambana, koma ndi chigoli chimodzi chokha, ndipo palibe mnyamata amene anakondwera nacho.

Masewera atatha kaputeni anapita kwa mtsikana uja, namugwira chanza ndi manja awiri. Kenaka anabwera kwa amuna anga.

"Kocha, tiphunzitseni zimene akuchita awa."

"Ine ndakhala ndikukuphunzitsani chaka chonse."

"Ayi, Kocha. Inu mwakhala mukutikuwira."

Amuna anga anangokanda padazi. Sabata yotsatira anakhazikitsa lamulo lakuti Lachinayi lililonse timu izichita zokonzekera popanda munthu kutulutsa mawu. Wolankhula ankathamanga kuzungulira bwalo kawiri. Munthu woyamba kulangidwa anali Kocha mwini wake, ndipo mwezi woyambawo anathamanga kuposa wina aliyense. Lachinayi madzulo ankafika kunyumba mawu atadzaza m'mimba, n'kuyamba kundikhuthulira ine kuyambira pachipata. Ndinkadya, kutsuka mbale, kusita, iwo akunditsatira chipinda ndi chipinda akufotokoza.

Ubale wa koleji ndi sukulu ija unakula mwa njira zimene palibe anazikonza. Kaputeni anaona kuti ku sukulu ya osamvayo nthawi yotuluka m'kalasi ikakwana, mphunzitsi amachita kuyenda chitseko ndi chitseko. Anakambirana ndi aphunzitsi ake a zamagetsi, ndipo iye ndi anzake anatha masiku atatu a tchuthi akuika mababu ofiira m'makalasi onse, oti aziphethira belu likalira. Ophunzira zowotcherera anapanga chimpanda cha waya kumbuyo kwa womenya mpira kuti mawindo a asisitere apulumuke, poti awiri anali atasweka kale. Atsikana a kalasi yosoka nawo anatenga magolovesi onse ong'ambika a koleji n'kuwasoka ndi ulusi wa nsapato, kenaka anasokera anyamata aja mayunifolomu. Kumsana kwa malaya alionse analembako ndi ulusi woyera mawu aja akuti Thamanga Iwe. Ine ndikapita ku misonkhano kunja ndinkabwerako ndi mipira m'sutikesi m'malo mwa nsapato, ndipo tsiku lina wa pabwalo la ndege anandifunsa ngati ndili ndi ana khumi ndi awiri.

Chipambano choyamba chenicheni chinabwera chaka chachitatu, pa bwalo la koleji, polimbana ndi yunivesite ya m'tauni ija imene inkawagonjetsa chaka ndi chaka. Ndinali nditaitana Amalawi a ku Parklands, ndipo anabwera magalimoto atatu, ndi mipando yopinda ndi maambulera. Bambo wa taye uja anabweranso. Asisitere anabwera ndi ana awo, amene anakhala m'mbali mwa bwalo.

Masewera anali ofanana mphamvu mpaka kumapeto. Pa mpata womaliza, mnyamata wina woonda wophunzira za mapaipi anali pa kona yachiwiri, kaputeni ali ndi chibonga. Ndinamva kulira kwa ndege kukuyandikira. Kaputeni anamenya, mpira unadutsa pakati pa anthu awiri n'kugubuduka. Ndege inafika pamwamba pathu. Ndinayang'ana amuna anga. Pakamwa panali potseka. Dzanja lawo lamanja linkazungulira m'mwamba ngati chopukusira, ndipo mnyamata woonda uja ankathamanga maso ali pa iwo. Sanaime pa kona yachitatu. Anadutsa, nadziponya chafufumimba pafumbi, mpira n'kufika iye atagwira kale kona yomaliza.

Phokoso la ndege litatha m'pamene ndinazindikira kuti ndikululutira. Amayi a ku Parklands anandilandira nthungululu, ana a asisitere anakweza manja onse m'mwamba akugwedeza zikhatho, mmene amaombera m'manja iwo, ndipo anyamata anawanyamula amuna anga n'kuzungulira nawo bwalo, chipewa chitagwa, dazi likuwala padzuwa. Atawatsitsa, bambo wa taye anawayandikira atavula jekete.

"Achimwene, tandionetsani kagwiridwe kake ka chinthuchi."

Anaphonya kasanu ndi kawiri. Kachisanu ndi chitatu anaukhudza pang'ono, mpira n'kugwera pamapazi pake, ndipo anathamanga ndi nsapato zake zopolisha mpaka kona yoyamba, mkazi wake akukuwa kuti asamale shuga.

Zaka zotsatira zinayenda mwachangu. Kaputeni anamaliza maphunziro, napeza ntchito pa kampani ina ya ku Mombasa Road, koma Loweruka ankabwerabe. Anyamata atsopano ankalowa chaka chilichonse, ndipo aliyense wofuna kulowa timu ankauzidwa tsiku loyamba kuti ku Mlolongo n'kokakamiza ngati mmene zilili zokonzekera. Zikho zinabwera ziwiri kapena zitatu, zina zinapita kwa ena. Pakhomo pathu panasanduka pokwerera basi. Wina wadzabwereka taye ya ku intavyu, wina wadzaonetsa chibwenzi, wina wathamangitsidwa kumene amakhala ndipo agona pabalaza masiku awiri. Amuna anga anaimirira ngati kholo pa maukwati atatu, ndipo pa ukwati wa kaputeni anzake anapanga khomo la zibonga panja pa tchalitchi kuti akwati adutsepo.

Mtsikana woponya uja atamaliza sukulu anafuna kuphunzira zowotcherera zitsulo pa koleji yomweyo. Akuluakulu ena anazengereza, ati aphunzitsi adzayankhula naye bwanji. Amuna anga anapita ku ofesi imeneyo maulendo osawerengeka. Ulendo womaliza anatenga anyamata asanu a m'kalasi ya zowotcherera, onse osewera mpira, nawauza kuti afotokoze kayatsidwe ka makina ndi manja okha, pamaso pa akuluakuluwo. Mtsikanayo analandiridwa. Chaka chomwecho anasonkhanitsa atsikana anzake n'kuyambitsa timu yawo, ndipo amuna anga anakhala ndi matimu awiri, mawu awo ali bwinobwino.

Chaka chatha bondo lawo lamanzere linakana. Linali litayamba kale kudandaula, koma iwo ankati ndi nyengo yozizira chabe. Tsiku lina akusonyeza mnyamata watsopano kadzigwetsedwe ka pakona, anadzigwetsa bwino kwambiri koma kudzuka kunakanika. Madokotala a chipatala chachikulu cha ku Parklands anati pafunika opaleshoni. Inayenda bwino, ndipo anawagoneka m'chipinda cha anthu anayi, mmene namwino wamkulu, mayi wa nkhope yosaseka, anatichenjeza kuti alendo ndi awiriawiri ndipo phokoso salola.

Masana a tsiku lachiwiri ndinatsika kukagula madzi. Pobwerera ndinapeza khonde lonse la wodi ladzaza. Panali anyamata a timu, atsikana a timu, akale amene anabwera ndi mayunifolomu a kuntchito, ana a ku Mlolongo ndi asisitere awo. Awiri okha ndi amene anali m'kati monga mwa lamulo. Ena onse anaima pa zenera lagalasi loyang'ana m'chipindamo, ndipo nkhani inali m'kati. Manja ankauluka mbali zonse. Amuna anga, mwendo uli m'mwamba, ankayankha ali pabedi, kufunsa amene wajomba zokonzekera, kukana kuti sanalire pobayidwa jakisoni. Odwala atatu enawo anali atadzuka n'kukhala tsonga, akuonerera ngati kanema.

Namwino wamkulu anatulukira pakona akuyenda mwaukali, naima. Anayang'ana gulu lija, nayang'ana ine.

"Mama, anthu onsewa ndi anu?"

"Ndi a bambowo."

"Ndi abusa?"

"Ayi, ndi mphunzitsi wa mpira."

Anaimabe kanthawi akufunafuna choti aletse. Panalibe phokoso, m'kati munali anthu awiri. Pomaliza anafunsa asisitere kuti mawu akuti nthawi yatha amanenedwa bwanji ndi manja. Asisitere anamuonetsa. Anayeserera kawiri, nayang'ana wotchi yake, n'kunena kuti awapatsa mphindi khumi zina.

Masiku ano amuna anga amayenda ndi ndodo, ndipo dokotala anawaletsa kuthamanga ndi kudzigwetsa. Ku koleji amaphunzitsa atakhala pa mpando wapulasitiki pansi pa ambulera. Za ku Mlolongo anazisiya m'manja mwa mtsikana uja, amene tsopano ndi mayi wa ntchito yake, ali ndi kashedi kowotcherera mageti ndi mawindo ku Syokimau konkuno. Timapitabe Loweruka, koma ife timakhala pa benchi ndi asisitere.

Ntchito yanga ya ku Gigiri itha chaka chamawa ndipo tiyenera kubwerera kwathu. Ine ndayamba kale kuganiza za katundu woti titumize ndi woti tigawe. Sabata yatha ndinapeza makatoni anayi m'chipinda cha alendo, omatidwa bwino, olembedwa kuti ziwiya za kukhitchini. Ndinadabwa chifukwa ziwiya zanga zonse zinali m'kabati. Nditatsegula imodzi ndinapezamo magolovesi akale osokedwa ndi ulusi wa nsapato, mipira, ndi zibonga zokulungidwa m'matawulo anga abwino.

"Bambo, izi ndi ziwiya?"

"Mayi, ndayankhula ndi ahedi a sukulu ina ya ana osamva kwathu kuja," anatero osandiyang'ana, akumata katoni yachisanu. "Akuti bwalo lilipo, lingofunika kulambula. Inu mudzangotithandiza galimoto."